A Migolo ndi Oyilo Wakuda

Tayerekezani kuti kwacha ngati masiku onse. Ana akuthamangira kusukulu, akudumpha ngalande imene imatsika kuchokera kumagalaja n'kudutsa kuseri kwa makalasi. Pagalaja yakumapeto, makaniko wina wa imvi wawerama, akutsanulira oyilo wakuda mumgolo kudzera m'botolo lodula pakati. Anthu amawatchula kuti a Migolo.

Dzinali linayamba ngati chipongwe. Anzawo akatsitsa oyilo wotha ntchito mu injini, ankangomukhuthulira m'ngalande. A Migolo analeka tsiku limene mdzukulu wawo anabwera kunyumba miyendo ili bii, zidzolo zili mbwee, atasewera m'madzi amenewo. Kuyambira pamenepo migolo inandanda kuseri kwa galaja mpaka poimika galimoto panachepa.

"Alamu, oyilo ameneyu mudzakazingira chiyani?" ankawaseka mlamu wawo, mwini galaja yoyandikana nayo. "Mvula ikagwa ngalande imadzitsuka yokha."

"Imatsukira pamiyendo ya ana, anu omwe," ankayankha motero.

Kenako kunabwera mayi woyendera za chilengedwe wochokera kukhonsolo. M'magalaja enawo sanapezemo kanthu, poti umboni unali utapita ndi madzi. Atafika kwa a Migolo anagwira pakamwa.

"Bambo, chilolezo chosungira zinyalala zoopsa muli nacho? Popanda chimenecho galajayi titseka."

"Nanga ndikathira m'ngalande?"

"Umenewonso ndi mlandu."

"Ndiye ndimwe?"

Mayiyo sanaseke. Anafotokoza kuti lamulolo lili ndi mutu: moto utabuka pamenepo, mzere wonse wa magalaja ungapse, sukulu yomwe. A Migolo anavomera, koma mtima unawawa. Wotaya anali mfulu poti sanaoneke, wosunga ndiye anapalamula.

Unayambika ulendo wa m'maofesi. Uku anawauza kuti oyiloyo akapereke kukampani yovomerezeka. Atafunsa kumene ili, anawalozera chipinda china, ndipo kumeneko anati bwana ali kumsonkhano. Kunyumba akazi awo zinawakwana.

"Bambo a ana, galaja ikatsekedwa tidya migolo? Tayani ngati anzanu, tipume!"

Tsiku lina a Migolo anagubuduzadi mgolo umodzi mpaka m'mphepete mwa ngalande. Belu la sukulu linalira, ana n'kutuluka piringupiringu. A Migolo anaubweza mgolowo akudzitukwana.

M'mawa mwake anakweza mgolo womwewo pangolo yokankha, nakauimika pakhomo pa ofesi ya mayi uja.

"Kwanga n'koletsedwa, m'ngalande n'koletsedwa. Ndabwera nawo kwa eni ake a lamulo. Ina ikubwera."

Galaja anaitsekabe dzinja lonse, ndipo eni magalimoto ambiri anasamukira kwa mlamu uja osabwereranso. Koma a khonsolo, posowa kotaya mgolowo popanda kuswa lamulo lawo lomwe, anaika thanki yolandirira oyilo wakuda kumapeto kwa mzere wa magalaja. Mlamu uja amathirabe m'ngalande akaona kuti palibe akumuona. Magalaja ena onse amathira m'thankimo.