Pikapu yokana giya yachiwiri

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mabelo athu a fodya anavumbwa m'mbali mwa msewu wa ku Santhe. Mwini galimoto amene tinapangana naye sanabwere, lole ya ku okushoni inanyamuka popanda ife, ndipo fodya wa chaka chonse anachita chuku. Ndinalumbira pamaso pa akazi anga, mayi a Tadala, kuti sindidzabwerera popanda pikapu yangayanga. Iwo anangoti, "Pitani, koma munda sudikira munthu."

Ku Joni ndinakhala zaka zisanu. Ndinayamba ndi kutchetcha kapinga, kenaka ndinkayendetsa mayi wina wokalamba pa galimoto yake yosintha yokha magiya. Lamlungu ndilo linkandipweteka. Ndinkakhala ndekha m'kachipinda kakuseri, kusowa ngakhale wokangana naye. Kumudzi ndinkatumiza ndalama pang'ono, koma zithunzi za mapikapu ndinkatumiza zambiri. Mayi a Tadala ankatumiza za nazale, za chigafa, za mabelo. Ndinkangoponyapo diso n'kuyankha kuti zili bwino.

Pikapu ndinaipeza yoyera, yakale koma ya thupi lolimba. Wogulitsa anaiyendetsa yekha, ikuyenda myaa. Nditaigwira ine, giya yachiwiri inakukuta ngati chigayo chagwira mwala. Munthuyo anandiyang'ana n'kufunsa ngati galimoto ya kilatchi ndimaidziwa. Manyazi anandigwira. Ndinati ndimaidziwa bwino, mumtima ndikuti vuto ndi dzanja langa, ndipo ndinalipira. Njira yonse yobwerera ndinkadumpha kuchoka pa giya yoyamba kupita pa yachitatu, ndipo pa msewu wa tala zinkatheka.

Kumudzi anandilandira ndi nthungululu, ine osaulula kanthu. Makaniko wa pa boma la Kasungu ataimvetsera anati giya yachiwiri inadyeka kalekale, zitsulo zake mpaka masabata awiri. Lole ya ku okushoni inali yonyamuka mkuja. Ndinati zivute zitani, mabelo a chaka chino akwera galimoto yanga.

Tinapakira m'mawa, mayi a Tadala atakhala pambali panga. Pakati pa mudzi wathu ndi Santhe pali dambo la mchenga, kutsogolo kwake kachitunda. Ndi kulemera kwa mabelo, pa giya yoyamba mateyala ankangofukula mchenga, pa yachitatu injini inkazima. Ndinalimbana ndi yachiwiri mpaka thukuta kamukamu, koma inakana. Katatu konse tinabwerera chambuyo. Dzuwa linali litakwera, ndipo m'maso mwanga munkangobwera mabelo a chuku aja. Ndinachita mantha kwambiri.

"Bambo a Tadala, tatsikani," anatero akazi anga.

"Nditsike ndikatani? Iyi si ngolo."

"Tsikani, lole itisiya."

Anamanga chitenje, kuvula masilipasi, n'kukhala pa chiwongolero. Anabwerera m'mbuyo mpaka pouma, n'kunyamuka pa giya yoyamba. Kenaka anaponda kilatchi, kusiya giya pakati, kupatsa moto pang'ono, kupondanso kilatchi. Yachiwiri inalowa mwakachetechete. Pikapu inadutsa mchenga n'kukwera chitunda, ine ndikuthamanga pambuyo ngati wopempha matola.

"Mwaphunzira kuti zimenezi?" ndinafunsa nditakwera, ndikupuma wefuwefu.

"Ku esiteti. Chaka chachitatu chino ndili pa thirakitala, ndipo magiya ake ndi okalamba kuposa awa. Mumayesa mabelo athu ankauluka?"

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munafunsa?"

Tinaipeza lole akumanga tenti, ndipo mabelo athu anakwera omalizira. Mayi a Tadala akulembetsa kwa kalaliki, ine ndinakhala pamthunzi n'kutsegula foni, kubwerera ku mauthenga akale. Ndinapeza chithunzi china chimene iwo ananditumizira. Chigafa chathu, kutsogolo kwake thirakitala yofiira, mabelo m'ngolo yake, ndipo pa chiwongolero akazi anga, akuseka. Pansi pake panali yankho langa la tsiku lomwelo: chithunzi cha pikapu ya eni ake, ndi mawu akuti, "Limbani mtima, ndikubwera kudzakupulumutsani."

Pobwerera ndinakhala pa chiwongolero ndine. Titayandikira dambo lija ndinaima n'kuwapempha kuti andionetse poponda.