Fumbi lakuda la mwana wanga

Mwana wanga wamkazi anaphunzira mpaka ku Joni, n'kupeza ntchito komweko. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Atabwera kwathu ku Biriwiri ulendo womaliza, ndinamufunsa chimene amagwira, chifukwa anzanga akutchalitchi akandifunsa ndinkasowa choyankha.

Sanandiseke. Anathira mafuta ophikira, madzi ndi kasopo m'botolo, n'kukhutchumula mpaka zinayera ngati mkaka. Anati mafuta okumba pansi, opangira petulo aja, amatuluka chonchi, madzi atalowerera, ndipo madziwo amachititsa dzimbiri mapaipi. Kenako anathiramo fumbi lakuda limene anabwera nalo m'kabotolo, losalala kuposa ufa woyera. Anagulula maginito m'wailesi yakufa ya malemu bambo ake n'kugunditsa kubotolo. Fumbi lija linagwira timadontho ta madzi n'kutikokera kumaginito, mafuta n'kutsala okha.

"Akakufunsani, amayi, muziti mwana wanga amapanga fumbi limeneli."

Chaka chotsatira anabwera m'bokosi.

Woyankhulira banja pamaliro anali alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga. M'mawa ndinawaitanitsa m'nyumba ya siwa n'kuwafotokozera zonse, za botolo, za fumbi, za maginito. Anati amva. Ataimirira pagulu ananena kuti malemu ankathira petulo m'magalimoto ku Joni, ndipo tithokoze kuti mwana wamkazi anapeza kantchito kaulemu kuchilendo. Anthu anagwedeza mitu. Mayi wofedwa sayankhula pamaliro. Nditafuna kudzuka, amayi a mvano anandigwira mapewa, poganiza kuti ndikukomoka.

Titameta ndinawafunsa alamuwo chifukwa chake. Anandiyankha akumanga zingwe za nsapato.

"Mafuta ndi mafuta, mlamu. Ndani akanamva zimenezo?"

Ndinafuna kuti aone okha. Kabotolo ka fumbi kaja mwana anabwerera nako ku Joni, ndiye ndinapala khasu ndi tupa, n'kuwola fumbi lake papepala. Ndinaitana amayi a mvano pakhonde, n'kuchita zonse monga anachitira iye. Tizitsulo tija tinathamangira kumaginito tokha, madzi n'kuwasiya. Botolo linangokhala loyera ngati mkaka. Tinadikira. Mmodzi anandisisita pamsana, wina anadandaula mafuta a ndiwo amene ndawononga.

Maginito aja ndikadali nawo. Mudzi uno mpaka lero amanditchula kuti amake a mwana wa petulo uja, ndipo amanena mondilemekeza.