Chibwano cha Nyani ku Khondowe

Ndinanyamuka pa Rumphi boma nthawi ya seveni, m'chikwama muli mwala wokuta ndi sokosi ya malemu amuna anga. Mwalawo unali ndi mano atatu. Iwo, pokhala mlangizi woyendayenda, anautola kwinakwake n'kumaumirira kuti ndi chibwano cha nyani wakalekale, wa mtundu umene unatha padziko. Ine ndinkawaseka kuti anthu amabweretsa nsomba, iwo abweretsa miyala. Tsopano ndinkafuna wina andiuze kuti sankalakwa.

Galimoto ya matola ya Sienta inanditula pa Njakwa pa K2,000. Pamenepo ndinadikira maola awiri ndikudya nthochi zowotcha. Anthu ankacheza m'Chitumbuka, chimene ndinkachimvera kudzera mwa amuna anga, poti ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinangomva "yewo" basi.

Lole ya matumba a feteleza inatitenga cha m'ma teni. Tisanafike pa Nchenachena inatigwedeza mpaka mayi wina anandigwera pamiyendo n'kugunda chikwama.

"Mwanyamula vichi, amama? Chikubaya chomene." Mawuwo sindinawamve onse, koma ankaloza chikwamacho.

"Mano a nyani."

Anasunthira kutali, mwina poganiza kuti ndi zitsamba.

Ku Khondowe ndinafika masana, kukuzizira. A Gondwe, mphunzitsi wa sayansi wopuma amene anzanga kuntchito anandilozera, anandilandira pakhonde. Anautembenuza mwalawo pansi pa galasi lokulitsa zinthu nthawi yaitali.

"Fupa ndithu, ndipo lasanduka mwala. Manowa akufanana ndi a nyani. Koma mayi, anautola pati?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Chigwa chake? Dothi lake?"

Ndinapukusa mutu. Anandifotokozera mofatsa kuti zaka za fupa zimadziwika ndi dothi limene linagonamo. Popanda malo, palibe anganene kuti nyaniyu anakhala liti, kapena ngati anzake ali pomwepo. Nanga dothi lomwe linamatirira, ine ndinalitsuka ndi burashi dzulo lake, kuti ndisachititse manyazi kwa anthu ophunzira.

Amuna anga anayambapo kundiuza za malowo kangapo. Nthawi zonse ndinkawadula kuti ayambe asamba.

Pobwerera ndinakwera njinga yamoto mpaka pa Njakwa, mwala uli pamiyendo, ndipo ndinawasowa kuposa tsiku la maliro. Sankalakwa, koma woti ndikamuuze kunyumba kunalibe. Ndinaubwezera pawindo pamene ankauika, ndipo kufikira lero sindikudziwa kwawo kwa nyaniyu.