Dzanja la Manzere pa Kompyuta ya Malume

Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, ndipo nkhope yawo sindiikumbukira. Ndanena zimenezi poyamba kuti pasakhale wodabwa kuti bwanji mzimayi wamkulu, namwino wolemekezeka mu Leicester, anathera masiku ake atatu opuma atagwada pa kapeti ya eni ake ku Wigston, akulimbana ndi kompyuta yokalamba ngati iye yemwe.

Zithunzi za mayi zinalipo, zinkakhala m'sutikesi pansi pa bedi la bambo ku Zomba. Chiswe chinalowamo n'kudya zonse, kusiya zipi yokha. Chimene ndinatsala nacho cha mayi chinali chitonzo. Azakhali amene anandilera, mlongo wawo wa bambo, akandiona ndikulandira chinthu ndi dzanja la manzere, ankandigogoda zala n'kukalipa kuti, “Manzere ngati mayi ako! Sintha dzanja!” Mpaka lero ndikamapereka mankhwala kwa wodwala, la manzere limatsogola, kenako ndimadzidzimuka n'kusinthira kumanja, chonsecho azungu alibe nazo ntchito.

Chaka chimenecho tinagwirizana zomanga chiliza pamanda a mayi. Mchimwene wanga wamng'ono, yemwe amakhala ku Zomba komweko, ndiye ankayendetsa zinthu. Tsiku lina anandiimbira foni.

“Achemwali, osindikiza nsalu akufuna chithunzi pasanathe milungu iwiri. Chikapanda kupezeka tingoika mtanda ndi maluwa basi.”

“Mtanda ndi maluwa ndiye mayi ako?” ndinamufunsa.

“Nanga ndichitenge kuti? Ndiwajambule pamtima? Ineyo ndinawaona?”

Ndinapsa mtima chifukwa ankanena zoona. Ndinamuuza kuti asalamule kalikonse kufikira nditamuimbiranso.

Ndinali nditakumbukira malume, mlongo wawo wa mayi. Iwo anabwera kuno kudzaphunzira atangokwatira, n'kukhazikika, ndipo anamwalira ine ndisanakwanitse chaka m'dziko lino. Tsiku lina pa tiyi anadzitamapo kuti ukwati wawo wonse uli mu kompyuta. Kaseti ya kanema wa ukwatiwo inatafunidwa ndi makina kalekale, koma isanatafunidwe iwo anali atakoperako zithunzi ndi tizidutswa ta kanema m'madisiki. Nthawiyo ndinangoseka mwaulemu, osafunsa kanthu. Ndimadziimbabe mlandu.

Akazi awo, omwe ndimawatchula kuti anti, anandilandira kwawo ku Wigston ali ndi ndodo m'manja.

“Rubbish ya malume ako ili ku loft, kudenga uko,” anatero. “Chaka chilichonse ndimati ndikataye ku tip, koma bondo limakana makwerero. Kwera wekha, ndipo usandithothorere ceiling.”

Ndinatsika ndi makatoni awiri, fumbi lili mbuu mpaka mu nsidze. Kompyuta yake inali ngati kiyibodi yonenepa, yachikasu ndi ukalamba, yokhala ndi kamwa pambali lolowetsamo disiki. Munalinso bokosi la magetsi lolemera ngati njerwa, mausi ya mabatani awiri, madisiki odzaza katoni ya nsapato, ndi kope lomwe malume analembamo malangizo ndi zilembo zawo zopendekera.

Tsiku loyamba linapita pachabe. Chingwe cha kompyutayo chinalibe poti chilowe pa TV ya anti, yopyapyala ngati chitseko cha kabati. Ndinaimbira aliyense wa kutchalitchi ndi kuntchito, mpaka mnzanga wa ku Zambia wokhala ku Beaumont Leys anati ali ndi TV yakale yamimba m'galaja. “Bwelani mutenge, iticosele malo,” anatero. Ndinaikumbatira m'mabasi awiri. Anthu ankandiyang'ana ngati ndaiba chinthu chosayenera n'kubedwa komwe, ine maso kutsogolo.

Tsiku lachiwiri kompyuta inayaka. Ndinaimba nthungululu m'nyumba ya eni mpaka anti anataya tiyi. Koma kuyaka ndi kwina, kumvera ndi kwina. Kamuvi ka pa sikirini kankangopita m'mbali, kukana kukwera kapena kutsika. Ndinatsegula mausi kunsi, n'kupeza kampira kodzaza litsiro la zaka makumi atatu. Ndinakatsuka ndi sopo wa mbale, tizitsulo ta mkatimo n'kupala ndi chikhadabo.

Kope la malume linati ndiyambe ndalowetsa disiki ya pulogalamu yoonetsera zithunzi, ndidikire, kenako ndiitulutse n'kuika ya zithunzi. Pansi pake anawonjezera kuti, “Osapupuluma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.” Munthu wakufa kundilangiza ngati akundidziwa! Makinawo ankalira gurr gurr, n'kupempha disiki ija ndangotulutsa kumene. Ndikaibwezera, ankapemphanso inzake. Ndinasinthasintha mpaka chala chinatupa. Pomaliza panatuluka kawindo kotuwa kokhala ndi mndandanda wa maina a zithunzi. Ukadina dzina, sikirini inkada bii, kenako chithunzi n'kutulukira. Ukafuna chotsatira, unkadina batani lalitali la pansi lija.

Ndinaona galimoto ya malume kasanu ndi kawiri. Ndinaona chipale pa msewu wa ku Oadby kumene ankachita lendi, ndinaona mphaka wa mwini nyumba, ndinaona malume atavala chijasi chofika m'mapazi. Madisiki ena anali atafa, pulogalamu inkangodandaula kuti siingawawerenge. Disiki iliyonse yakufa inkandidula mtima, poganiza kuti mwina mayi anali mmenemo. Ndinkaiika pambali n'kutenga ina. Ndinali nditalumbira kuti katoniyo ndiitha, ngakhale ndikapemphe tchuthi cha matenda ndisakudwala.

Dzuwa litapendeka ndinapeza disiki yolembedwa kuti “Alongo anga pa ukwati”. Ndinailowetsa chozondoka kawiri. Sikirini inada, kenako panaima azimayi atatu.

Apa ndiye panali vuto limene sindinaliganizire. Malume anali ndi alongo atatu, onse anatsikira kuli chete, ndipo pa ukwatiwo anavala yunifolomu ya banja monga timachitira kwathu: nsalu imodzi, bulauzi yosoka telala mmodzi, duku lomanga mofanana. Anali obadwa motsatizana, a msinkhu umodzi, ndipo awiri anabereka ana kumbuyo. Chithunzicho chinali cha timadontho tikuluikulu, mitundu yochepa, nkhope zonse zitatu ngati zoumbidwa m'chikombole chimodzi.

“Anti, mayi anga ndi ati pamenepa?”

Anavala magalasi, anayandikira, anabwerera m'mbuyo. “Mwana iwe, usandipachike. Alamu angawo ndinawaona masiku awiri okha, ndipo ndinali mkwatibwi. Mkwatibwi wa nthawi yathu ankazyolika tsiku lonse, ukadzutsa mutu amati ulibe mwambo. Ine ndinaona mapazi okhaokha. Mwezi usanathe tinakwera ndege.”

Ndinalira, ndipo sindibisa. Mayi anga anali pamaso panga, ine osawadziwa. Anti anandigwira paphewa.

“Ungopanga choose mmodzi. Onse ndi amayi ako, magazi ndi amodzi. Adzadziwa ndani?”

“Ndidzadziwa ine,” ndinayankha. Ndinawapempha kuti asazimitse kapena kusuntha chilichonse, ndibweranso mawa.

Tsiku lachitatu ndinafika anti asanamwe mankhwala awo a m'mawa. Ndinawerenganso kope lonse, tsamba ndi tsamba. Chakumapeto malume analemba kuti maina ena pa mndandanda si zithunzi wamba koma zoyenda, ndipo pulogalamu yomweyo imaziseweretsa. Dzulo lake ndinali nditawadumpha maina amenewo chifukwa ankachedwa kutseguka, ine n'kumayesa afa. Pa disiki ya alongo panali limodzi lotero. Ndinadina, n'kukhalira manja anga kuti ndisagwire kanthu. Makina analira kwa nthawi yoti munthu n'kuwiritsa madzi a tiyi.

Kenako azimayi aja anayenda. Kanali kakanema kopanda mawu, kakafupi ngati kuyetsemula, kongobwereza. Atatuwo ankavina pamzere kupita ku tebulo la akwati, aliyense atanyamula mbale ya mphatso, n'kupereka, kenako kubwerera poyambira. Ankathamanga ngati akuthawa mvula, sindinkaona kanthu. Kope linati batani lina limaimitsa, ndipo mabatani a mivi amayendetsa chithunzi chimodzichimodzi. Ndinaimitsa, n'kuyamba kudina pang'onopang'ono.

Woyamba anafika, anawerama, anapereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu, mmodzi wa obereka ana aja, anafika akuseka. Ndinadina. Anatambasula dzanja la manzere, mbale ili mmenemo. Ndinadinanso. Dzanjalo linaima panjira, mapewa anakwera ngati munthu amene wamva mawu akumukalipira. Ndinadinanso, mbale inasamukira kumanja.

Kudzidzimuka kumeneko ndimakudziwa, ndimakuchita tsiku lililonse. Koma unamwino unandiphunzitsa kuti mankhwala umawerenga kawiri. Bwanji ngati makina a malume anatembenuza chithunzi ngati kalilole? Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'anitsitsa chinsalu chopachikidwa kuseri kwa akwati. Mawu olembedwa pamenepo ankawerengeka bwinobwino, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Anti nawo anatsimikiza kuti malume anakhala mbali yomwe ankaonekayo. Linali la manzere ndithu.

Panatsala zithunzi zitatu kuti kakanemako kathe. M'zitatuzo dzanja la manzere lija, litalandidwa mbale, linabwerera m'chiuno n'kugwira kaphazi ka mwana kamene kanatulukira pansi pa nsalu. Mchimwene wanga anali asanabadwe nthawi imeneyo. Kaphaziko kanali kanga.

Sindikudziwa kuti ndinadina kangati mivi ija, kutsogolo ndi m'mbuyo, kuti andigwire phazi, andisiye, andigwirenso. Anti anatuluka mwakachetechete n'kukayamba kutsuka mbale zotsuka kale.

Kutulutsa chithunzi m'makinamo sindinkadziwa, choncho ndinajambula sikirini ndi foni. Mizere yakuda inkadutsa pakati, mazenera ankaonekera pagalasi. Ndinatseka makatani, ndinasanja mabuku a nyimbo za kutchalitchi n'kutsamiritsapo foni, ndipo ndinajambula mpaka batire linatsala pang'ono kutha. Chimene chinatuluka bwino kuposa zonse chinali chija mayi atatambasula dzanja la manzere, nkhope itayang'ana kuno, asanakumbukire kuti akulakwa. Ndinatumiza chimenecho.

Mchimwene wanga anaimba madzulo omwewo. 

“Ndi amenewa?” anafunsa.

“Ndi amenewo.”

Anamina, kenako anabwerera ku ntchito yake ya uchairman. “Koma achemwali, osindikiza akuti n'chosaoneka bwino. Komanso akupereka ndi manzere. Azakhali akaona nsalu imeneyi ati tawachititsa manyazi malemu. Palibe china atasintha dzanja?”

“Chilipo,” ndinatero, “koma sinditumiza. Anthuwa anamenyedwa zala moyo wawo wonse. Pa nsalu yawo apereka ndi dzanja limene akufuna.”

Nsalu inatuluka, timadontho tonse tili poyera. Pa tsiku la chiliza azakhali, atakalamba ndi kupindika msana, anaitambasula pa maondo n'kuyang'ana nthawi yaitali, ine nditakonzeka kale kukangana nawo. Anaika chala pa dzanja lija.

“Ndi yemweyu,” anatero. “Sankamva.”

Ndinawapatsa botolo la madzi, ndipo dzanja sindinasinthe.