Kampira Kachikasu pa Laputopu ya Achimwene

Achimwene anga ankakonza mafoni pamashopu a pa Machipisa. Tsiku lina anabwera kunyumba ndi laputopu yakale imene mwini wake anatopa nayo. Ine ndinali nditangomaliza sukulu, ndikungokhala pakhomo ku Highfield, choncho anayamba kundiphunzitsa khodi, malangizo amene kompyuta imatsatira.

Chimene tinkafuna chinali chaching'ono: kampira koyenda pasikirini. Kuti tikajambule pankafunika laibulale, ndiye kuti zida zimene ena analemba kale, zoti iwe ungotenga n'kugwiritsa ntchito. Apa ndi pamene tinasiyana maganizo. Achimwene ankafuna yaikulu, yopangira magemu. Ine ndinakonda ina yaing'ono, yoti ukalemba mizere yochepa chinthu chaoneka.

"Iwe umakonda zachidule," ankatero. "Mawa ukadzafuna mithunzi ndi phokoso udzatani?"

"Achimwene, tiyambe taona kampirako kaye."

Tinkakangana m'Chishona, koma mayi akalowa tinkatembenukira ku Chichewa, chifukwa iwo anakulira pafamu pakati pa anthu akwathu ndipo m'nyumba mwawo sankafuna chilankhulo china. Atafunsa chimene tinkalimbirana, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Yesani zonse ziwiri, ine ndione."

Yaikuluyo inatenthetsa laputopu mpaka inazima yokha. Achimwene anaitsamiritsa pa njerwa ziwiri kuti ipume, n'kuyesanso, koma inazimanso. Anandikankhira mpando. Ndinalemba mizere yanga, ndipo kampira kachikasu kanayenda pang'onopang'ono kuchoka kumanzere. Mayi anakalondola ndi chala. Achimwene anaseka, n'kunena kuti mtunduwo ndi wonyansa, ndipo madzulo onsewo tinakhalira kusintha mitundu.

Chaka chotsatira anapita ku Joni kukafuna ntchito. Laputopu anandisiyira. Poyamba ndinkawatumizira chilichonse chimene ndajambula, iwo n'kumayankha ndi zodzudzula zambirimbiri. Kenako mayankho anayamba kufupika. Masiku ano amagwira ntchito yomanga, amaweruka atatopa, ndipo amangolemba kuti, "Zili bwino, mlongo."

Panopa ndimaphunzitsa ana khodi pa kasukulu kena ku Hopley. Mwezi wathawu ndinafunika kuwasankhira laibulale, ndipo ndinaimbira achimwene kuti ndimve maganizo awo. Kumbuyo kwawo kunkamveka makina osakaniza simenti.

"Zimenezo ndinaiwala," anatero. "Sankha iweyo, umadziwa."

Ndinasankha ndekha, mosavuta. Foni ndinakhala nditaigwirabe kwa nthawi ndithu, ndikufuna munthu woti anditsutse.