Khonde la Fainala

Fainala ndinamudziwira kudambo, kokumba mtsiro. Chinali chilimwe, m'zaka zija makuponi a fetereza atangoyamba kufika kwathu kuno ku Wimbe. Ife eni mudzi tinkakumba kumtunda, iye n'kumakumba payekha kumunsi, mwana ali kumsana, poti anali mlendo. Iye ndi mwamuna wake Lemani anabwera pa lole kuchokera ku Phalombe, kudzalima fodya wa bale pa esiteti ya a Davison. Matenanti sitinkawalabadira kwenikweni. Analibe mudzi kuno, n'chifukwa chake ngakhale makuponi ankawadumpha.

Tsiku limenelo ndinamusenzetsa dengu, ndipo poti njira inali imodzi, ndinamuperekeza mpaka pakhomo pake. Kanyumba kanali kofanana ndi tinzake tonse ta matenanti, kaudzu, kopendekeka. Koma pakhonde ndinaima. Pansi ponse panali zilembo zikuluzikulu ngati mbale, zokumbika m'dothi, m'mphepete mwake mosalazidwa bwino ndi nkhulungo.

"Mwana wanga, izi n'zotani? Ndiko kutsirika nyumba kwa kwanuko?"

Anaseka mpaka dengu linagwedezeka. "Ayi amayi, iyi ndi sukulu ya Tithokoze."

"Mwana wopanda ndi dzino lomwe?"

"Mano adzamupeza ali kale m'kalasi."

Anandifotokozera kuti iye sukulu analekezera sitandade fili, bambo ake atamwalira. Ankati zilembo zinamupeza mutu utauma kale, moti ankawerenga movutika ngati wolima mphanje. Fodya, ankatero, umamuthirira ali pabedi, osadikira kuti akule. Tsono akamazira khonde, dothi likadali lofewa, ankalemba ndi chala. Likauma, Tithokoze ankakwawa pamenepo. Kadzanja kakagwera mumzere, mayi ake ankatchula chilembocho moimba, manja ali pa singano kusoka fodya. Nthawi zina ankaika kachidutswa ka mbatata mkati mwa chilembo, n'kumutuma mwana kuti akatenge mbatata ili pa "o". Akamachedwa, nkhuku inkamutsogolera. Ngakhale poyamwitsa, Fainala ankatambasula kachikhatho ka mwanayo n'kumalembamo ndi chala pang'onopang'ono, mwana n'kumaseka bere lili m'kamwa.

Nthawi iliyonse yozira, khonde linkasintha. Zilembo zinayamba kugwirana, kenaka zinasanduka mawu: mayi, mbuzi, fodya. A Lemani ankadandaula kuti m'nyumba mwawo momwe akulowa chonyang'ama, poopa kuponda sukulu. Amayi ena a m'chigafa anayamba kudzasiya makanda awo pakhondepo, akuti nawonso akapume nzeru. Tithokoze asanakwane zaka zinayi anali akuwerenga mawu a pa matumba a fetereza amene ife tinkabwera nawo pa ngolo, ngakhale tanthauzo lake sankalidziwa.

Nyengo yosankha fodya itafika, kunabwera aNambewe, akazi a bwana wa esitetiyo, amene ine ndinkapemphera nawo mpingo umodzi. Anamumva mwanayo akutchula mawu a pa chitseko cha galimoto yawo. Kuyambira pamenepo sankadutsa pakhomo pa Fainala osaima. Ankakhala pakhonde paja pa mkeka, kudya naye mtedza wokazinga, n'kumamutchula kuti mng'ono wanga. Fainala, amene kuno analibe mbale aliyense, mtima wake unakopeka nawo.

Zaka zimenezo nkhokwe zathu zinali zodzaza, ndipo anthu akakhuta amayamba kuganiza za mawa. Aliyense ankafuna mwana wake ayambe mkombaphala ngati ana a m'tauni. ANambewe anali ndi nyumba yanjerwa kumsika, yongokhala.

"Mng'ono wanga," anatero tsiku lina, ine ndili pomwepo, "manja awa si osokera fodya. Ndikutsegula mkombaphala kumsika, ndipo mphunzitsi wake ndiwe. Ungondibwereka Tithokoze atsogole, makolo aone zimene umachita. Ukamaliza fodyayu, ndidzakutumizira galimoto."

Fainala anawomba m'manja atagwada. Anamusambitsa mwana, kumudzoza mafuta, n'kumukweza yekha m'galimoto.

Masabata otsatirawo sindidzawaiwala. Akaweruka m'chigafa, Fainala ankakwecha manja ndi mandimu ndi mchenga kuti phula la fodya lichoke, akuti mphunzitsi sangagwire ana a anthu ndi zala zakuda. Anaumba zilembo zadothi, n'kuziwotcha ngati miphika, kudzaza dengu lonse, poti nyumba ya kumsika inali ya simenti, yosalembeka ndi chala. Ankandifunsa ngati mphunzitsi amavala duku kapena ayi. Galimoto iliyonse ikalira kumsewu, ankatuluka.

Lamulungu lina ndinakapemphera kumsika, kwa mwana wanga wamkazi. Titatuluka m'tchalitchi, ndinaona anthu ataunjikana pa nyumba ya aNambewe. Patebulo panaimikidwa kamtsikana ka yunifolomu yachikasu, kometedwa mpala. Anali Tithokoze. Anamupatsa buku la nyimbo, iye n'kumawerenga mawu amodziamodzi, kachala kake kakuyenda pa tsamba ngati mmene kankayendera pakhonde. Amayi anaimba nthungululu.

"Mwamuona Comfort wangayu?" anatero aNambewe mokweza. "Ndi wamasiye, ndinamutola ku esiteti asakudziwa kanthu. Izi ndi za sukulu ino. Bweretsani anu, nawonso atere."

Pambali pawo panaima mtsikana wa nsapato zazitali, mwana wa mchemwali wawo wa ku boma. Ameneyo ndiye anamusonyeza kwa makolo kuti ndi mphunzitsi.

Ndinabwerera kumudzi. Kwa Fainala ndinapeza nkhani ina itafika kale. Kapitawo anali atauza a Lemani kuti chaka chamawa sadzafunikanso, akwere lole yobwerera kwawo pamodzi ndi anzawo, mwana adzamutumiza sukulu ikatsekera. Nditamuuza zimene ndinaona, Fainala sanalire. Anangoyang'ana manja ake oyera aja kwa nthawi yaitali.

M'mawa mwake tinapita limodzi kumsika wapansi. Tinapeza ana atakhala pa mphasa, akukuwa motsatira mphunzitsi wawo, ndipo makolo angapo anali pakhomo kudzalembetsa ana awo. ANambewe atationa, nkhope yawo inauma.

"Amayi, mwasochera kodi? Za kumunda kaonaneni ndi kapitawo."

"Achemwali," anatero Fainala mosakweza mawu, "ndamva kuti ndinamwalira. Tsono ndadzuka, ndidzatenge mwana wanga wamasiyeyo."

Makolo aja anatembenuka. ANambewe anamukokera pambali, koma ine ndinamva zonse.

"Usandichititse manyazi pa anthu. Taganiza bwino. Kuno mwana akudya katatu, akugona pa matiresi, ndidzamuphunzitsa mpaka sekondale. Ukamutenga akadya chiyani? Zilembo zako zapansi zija?"

Apa ndinaona kuti mawuwo amulasa Fainala, chifukwa anali ndi choonadi chake. Munda analibe, ntchito inali itatha, kwawo ku Phalombe kunalibe chomudikira. Tithokoze anali atabisala kuseri kwa chitseko, akusuzumira, osadziwa ngati n'kololedwa kupita kwa mayi ake.

"Mukanandipempha mwana, mwina ndikanakupatsani," anatero Fainala pomaliza. "Koma inu munandiitana mng'ono wanu, mukudya mtedza wanga, kenaka n'kundiika m'manda ndili moyo. Amene wakwirira mayi, mwana adzamutani akasiya kukopa anthu?"

Anapita pachitseko paja, n'kugwada. Sanamuitane dzina. Anangotenga kadzanja kake, kukatambasula, n'kuyamba kulembamo ndi chala. Mwanayo anayang'ana chikhatho chake, kenaka anadziponya pachifuwa cha mayi ake ndi kulira kumene anakusunga masabata onse aja. Fainala anamuvula yunifolomu, kuipinda bwinobwino, kuiika patebulo lomwe lija, n'kumubereka mwana ndi chitenje ngati khanda. Miyendo yake inkalendewera mpaka m'ntchafu, koma sanamutsitse njira yonse.

Lole inapita osawatenga. Malemu amuna anga anawapatsa kamalo kuseri kwa khola lathu, ndipo ankakhalira maganyu m'minda ya ife a makuponi. Njala inawagwira ndithu chaka chimenecho. Sukulu ya aNambewe inapitirira, ndipo inadzaza, poti anthu anali ataona kale zimene anaona. Dengu la zilembo zowotcha lija Fainala anakalikhuthulira m'dzenje la kudambo.

Patapita nthawi anabereka mwana wamwamuna, Mphepo. Atayamba kukwawa, ndinamva kuti Fainala akuzira khonde la nyumba yake yatsopano, ndipo ndinanyamuka ndi mbatata yanga yophika, mtima ukusangalala kuti sukulu ija yatsegulidwanso. Ndinamupeza atagwada, akuyendetsa dzanja pa mtsiro wonyowa. Khonde lonse linali see, lopanda ndi kamzere komwe.

"Nanga sukulu ya Mphepo ili kuti?"

"Adzapita ndi anzake akakula, amayi."

"Mano amupeza wopanda kalasi ameneyu?"

Sanaseke. "Mbuzi yonenepa ndiyo imaimitsa ogula panjira. Uyu akule kaye osaonedwa ndi munthu."

Tithokoze anali atanjuta pakona, akuyang'ana dothi lofewalo. Mwakachetechete anatambasula chala, n'kulemba chilembo chachikulu chozungulira, kenaka anaitana mlongo wake kuti abwere. Fainala anachiona. Anasendera ndi mawondo, anaviika dzanja m'madzi, n'kuchifafaniza mofatsa, osamukalipira mwanayo, osamuyang'ananso. Mphepo anakwawa kuchokera kumapeto ano mpaka uko, kadzanja kake osakumana ndi kanthu.

Fainala alipo mpaka lero, imvi zayamba. Ana ake onse anaphunzira kuwerenga kusukulu ya boma, pa msinkhu wa ana ena onse. Ikamadutsa galimoto ya aNambewe, iye amapitiriza zimene akuchita. Khonde lake amalizirabe kawirikawiri kuposa wina aliyense, ndipo m'mudzi muno mulibe losalala ngati limenelo.