Khoma limene ng'ombe yanga sinapemphe

"Bambo, musandikalipire pamaso pa makasitomala! Pakompyuta zonse zili bwinobwino!"

Wokuwayo ndi mkulu wojambula mapulani pa kashopu kena pafupi ndi msika, uja amadzitchula yekha kuti Injiniya. Ine ndili chilili, pepala lake m'manja, malaya ali chonyowa ndi thukuta la njinga kuchokera ku Mikolongwe. Pakompyuta zili bwino. Nanga ng'ombe yanga izikagona pakompyuta?

Nkhani yake ndi iyi. Gulu lathu la alimi a mkaka timapatsirana ng'ombe. Ya mnzako ikabereka yaikazi, imapita kwa wotsatira pamzere, bola akhale ndi khola lovomerezeka. Ulendo uno ndi wanga. Wotsatira ine ndi mlamu wanga, a Namakhwa, munthu amene chikwatirireni mlongo wake sananditchulepo dzina. Amangoti "akamwini."

Alangizi amapereka chojambula cha khola chaulere, cha pamanja. Ine ndinachinyoza. Ndinati munthu wa Fomu 4 sangamangire zojambula za bolopeni. Ndinachitenga kukachisiya kwa Injiniya kuti achiike pakompyuta, a Namakhwa adziwe kuti mlongo wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Tsiku lokatenga anandipatsa kapepala wamba. Malemba ake ngati mbewu ya fodya. Pakati pali chithunzi cha ng'ombe chachikulu kuposa kholalo, mutu uli kunja kwa mpanda, mchira uli pa dzina langa. Nditafunsa anati ng'ombeyo ndi yongokongoletsa, malembawo ndi a amisiri, chachikulu ndi mizere. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Kunena kuti sindikuona kukanakhala kuvomera kuti maso akalamba, ndipo pamzere panali amayi.

Mmisiri wanga, a Chikopa, maso awo ndi anga n'chimodzimodzi. Tinalitembenuza pepala lija, tinaliika padzuwa, kenaka tinagwirizana ngati amuna kuti mzere uliwonse wakuda ndi khoma. Panali mzere wina wodutsa pakati pa khola, mbali iyi mpaka mbali iyo. Tinamanga. Ndinachita kuwauza kuti pamenepo asaumire simenti, poti khoma lapakati ndilo limagwira nyumba. Anthu ankabwera kudzaona, palibe anafunsa kanthu. Pepalalo ndinali nditalikuta ndi pulasitiki. Ndani angatsutsane ndi pepala la m'pulasitiki?

Lolemba komiti inabwera kudzayendera. Apampando, mayi Nachisale, analowa pakhomo la kogona ng'ombe, natuluka. Anazungulira, nasuzumira kubwalo komwe kuli chodyera ndi chomwera. Kenaka anafunsa mwaulemu wonse ngati ng'ombeyo izilumpha khoma ikamva njala, kapena ndizichita kuiponyera nsenjere pamwamba ngati wandende. A Namakhwa, amene anabwera kudzaonerera, anagwidwa ndi chifuwa chobisira kuseka mpaka misozi. Apampando anati abweranso Lachisanu, ndipo akapeza khomalo lilipo, ng'ombe ipita kwa wotsatira.

N'chimene ndinapalasira njinga.

Injiniya sanatekeseke. Anatsegula pulani ija pakompyuta, napukusa kagudumu ka mausi, chithunzi n'kukula. Mzere wanga uja unali woduka-duka, ndipo timalemba ta pambali pake tikunena kuti apa ndi pothera denga. Denga! Si khoma. Anandiyang'ana ngati mwana wolephera masamu, n'kundiuza kuti ndikanangokulitsa ndikanaona. Ndinamufunsa kuti pepala amalikulitsa ndi zala ziti.

Apa anayamba kundiphunzitsa. Akuti anajambula khola pa kukula kwake kwenikweni, ndiye polichepetsa kuti likwane papepala, timipata ta mzere tinatsekeka. Akuti malemba nawo anachepera pomwepo. Akuti ng'ombe ija anaitenga pa intaneti, inajambulidwa m'mainchesi pomwe iye amagwiritsa mamilimita. Akulankhula choncho anasintha nambala imodzi, sikelo ya mizere akuti, napulinta. Mzere unatuluka woduka-duka, woonekera ndili pakhomo. Nambala ina, malemba anakula. Ina, ng'ombe inalowa m'khola n'kuima bwinobwino. Zonsezi tiyi wake asanazizire.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanachitire zimenezi tsiku loyamba.

"Simunanene kuti mukufuna kumangira," anatero. "Anzanu amangotenga yokaonetsa kukomiti, kumanga amamangira ya alangizi."

Pamenepo ndiye ndinakweza mawu, iyenso n'kukuwa zija ndayamba nazo. Zimene ndinamuuza sindizilemba pano, a kwaya anzanga amawerenga. Chondipweteka n'chakuti m'shopu monse palibe anadabwa. Mayi wina wodzafotokopa anachita kundimvera chisoni. M'boma lonse la Chiradzulu, munthu mmodzi yekha amene anakhulupirira pulani ya pakompyuta ndi ine.

Koma a Injiniya, ndiyankheni. Mumajambula khola kuti lizikhala m'thumba? Pepala mumalipereka osaliyang'ana? Ndipo inu nonse okonda za pakompyuta, musatuluke m'shopu musanawerenge lemba lililonse papepala penipenipo, ndi maso anu okalambawo. Mzere uliwonse funsani ngati ndi khoma kapena ndi mphepo.

M'mawa mwake ndinalawirira kukabwereka hamala yaikulu. M'mudzi monse ili ndi munthu mmodzi, a Namakhwa. Anati yaguluka mpini, n'kundipatsa kahamala kokhomera misomali. Ndinalandira ndi manja awiri. Nditayamba kugogoda, ndinapeza kuti a Chikopa anandimveradi, simenti sanaumire. Posakhalitsa a Namakhwa anafika ndi mpando wawo, nakhala pamthunzi.

"Musadzipweteke, akamwini," anatero. "Lachisanu ndi kutali."

Ndinavula malaya, n'kumenya khomalo m'malo mwawo.